Chitseko Chimene Anatseka Alile

Agatha atamwalira, anthu a m'mudzi mwawo ku Kaphuka anayamba kumuyang'ana mwamuna wake ngati mlendo amene wachedwa kutsanzika. Vinsenti anali mkamwini. Kwawo kunali ku Lobi, kuno anangobwera kudzakwatira, ndipo mwambo wake ndi wodziwika: mkazi akatsogola, abale ake amamusudzula mwamunayo, iye n'kunyamula khasu ndi bulangete kubwerera kwawo. Ana satenga. Ana ndi a kuchikazi.

Koma Vinsenti anali ndi mwayi. Apongozi ake, a Marita, ankamukonda mwakachetechete, monga apongozi amakondera mkamwini wolima. Tsiku lometa, a Petulo, atsibweni a malemuwo, ananena pamaso pa onse kuti, "Uyu tisamuthamangitse. Akhale, alere mwana wakeyu, tione mmene ziyendere." Mwanayo anali Tamandani, kamtsikana ka zaka zinayi kamene sikankagona kasanagwire chala cha bambo ake.

Vinsenti anakhaladi, koma kukhala kwake kunali kwa chitsa. Mbatatesi zinagwidwa ndi chiwawu ku dimba iye akuziyang'ana. Kudya ankangolawa, kuyankhula ayi. Chinthu chimodzi chokha sankaiwala: m'mawa uliwonse ankamuveka Tamandani juzi yake yofiira, chifukwa chisanu cha ku Dedza mwezi wa Juni sichisewera ndi mwana.

Ndi nthawi imeneyi pamene anafika Alile. Anali mtsikana wa ku Bembeke, mwana wa aphunzitsi, wokulira m'nyumba za pamishoni. Ankaphunzira ku yunivesite, ndipo ankachita kafukufuku wofuna kudziwa mmene amuna oferedwa akazi amavutikira maganizo, mmene amapiririra, ndi mmene amazolowerera moyo watsopano. Mtima anali nawo wabwino, ndisakunamizeni. Za chikamwini anaziwerenganso m'buku, analemba nazo mayeso n'kukhoza. Kungoti buku silinamuuze mmene mudzi umayang'anira.

Kafukufukuyo anali ndi malamulo ake. Munthu afunsidwe payekha, pasakhale womvetsera, ndipo zimene wanena zisatuluke. Alile anapempha kalasi imodzi pasukulu ya pulayimale, Loweruka lililonse ana kulibe. Tsiku loyamba Vinsenti anakhala pa desiki ya pafupi ndi khomo, chipewa chili m'manja. Alile anadzuka n'kutseka chitseko.

"Bwanji osachisiya chotsegula, achemwali?" anafunsa Vinsenti.

"Ayi bambo, n'kuti mukhale omasuka. Zimene tiyankhule muno zithera muno."

Anayika foni pa tebulo kuti ijambule mawu, n'kufunsa funso loyamba.

"Masiku ano mukugona bwanji?"

Chichitikireni maliro palibe anali atamufunsapo zimenezo. Onse ankangoti limbani mtima, ndinu mwamuna. Vinsenti anayang'ana bolodi, basi misozi inangoyamba yokha. Analira ngati mwana. Ananena kuti pamphasa amasiyabe malo a Agatha. Ananena kuti ku dimba amapita kukangokhala pa mzere. Ananenanso chimene chinkamudya kwambiri, kuti tsiku lina adzamuuza kuti anyamuke, Tamandani n'kutsala.

Loweruka lotsatira anabweranso, ndi linzake. Ndipo zoona zake, munthu uja anayamba kupepukidwa. Anagula mankhwala n'kupopera mbatatesi zotsala. Anayamba kumaliza chakudya. Tsiku lina akutuluka m'kalasi muja anali akumuuza Alile mmene Agatha ankamuletsera kuyimba kutchalitchi, ati mawu ake amasokoneza kwaya yonse, ndipo anaseka. Kanali koyamba kuseka chimwalirireni mkazi wake. Pa mjigo wa pasukulupo panali amayi akutunga madzi, ndipo pamjigo anthu satunga madzi okha.

Nkhani inawapeza a Marita dzuwa lisanapendeke. Iwo sakanatha kumufunsa yekha Vinsenti. Mkamwini ndi apongozi sakhalirana pansi maso ndi maso, akakumana panjira wina amapatuka. Anatuma a Petulo, ndipo a Petulo, monga munthu wamkulu, anayamba ndi mlendoyo. Anamudikira pa geti ya sukulu.

"Mayi, mumakambirana chiyani ndi mkamwini wathu chitseko chili chotseka?"

"Pepani bambo, sindingakuuzeni. Malamulo a kafukufuku salola."

"Ife eni ake a maliro, osatiuza?"

"Ndi chinsinsi cha iwowo ndi ine," anatero Alile mwaulemu, atapinda maondo pang'ono.

Anachoka pamenepo mtima uli mbee, poganiza kuti wamuteteza munthu wake. Ine mawu amenewo amandipweteka mpaka lero. Iwowo ndi ine! Kuuza atsibweni a malemu mawu otero, manda asanamere n'komwe udzu.

Abale anakumana pakhonde pa a Marita. Eni akewo anakhala m'nyumba, kuseri kwa chitseko, monga mwa ulemu. Vinsenti anamukhazika pansi pabwalo.

"Tiuze, mumakachita chiyani kusukulu kuja?" anafunsa a Petulo.

Vinsenti anayang'ana fumbi. Mwamuna angayambe bwanji kunena pamaso pa alamu ake onse kuti ndimakalira? Anthu omwewo amene anamuyamika pamaliro kuti walimba mtima? Komanso si anauzidwa kuti za muja zithere muja?

"Timangocheza," anatero.

"Kucheza kotseka chitseko?"

Ndiye mawu a a Marita anatuluka m'nyumba muja, osakweza.

"Andiuza kuti akuseka. Mwana wanga dothi silinamuume pamwamba, iyeyu akuseka. Musudzuleni, akasekere kwawo."

Anamusudzula sabata yomweyo. Zonse zinayenda mwaulemu. Anamuthokoza chifukwa cha khasu lake, anamuuza kuti tsopano ndi mfulu, akhoza kukwatira kumene akufuna. M'mawa umene ananyamuka, azakhali ena anamubereka Tamandani kupita naye ku dimba kuti asaone.

Loweruka Alile anadikira m'kalasi mpaka masana. Kenako anatsikira kumudzi. Nyumba ya Vinsenti anaipeza yotseka ndi waya. Pakhonde pa a Marita panali Tamandani, atavala kadiresi kopyapyala, manja atawabisa m'khwapa, mamina akutsika. Mphepo inali ikuwomba kuchokera kuphiri.

"Mukamufune kwawo ku Lobi," anatero a Marita osamuyang'ana. "Tsopano ndi wanu."

Apo m'pamene Alile anamvetsa. Anayamba kufotokoza, mawu akuphonyana, mpaka dzanja linapita m'chikwama pa foni ija. Munali mawu a Vinsenti akulira dzina la Agatha. Koma misozi imeneyo sinali yake kuti aigawe, ndipo a Marita anali atalowa kale m'nyumba. Ali panjira anaimbira aphunzitsi ake a ku yunivesite. Iwo anamumvetsera bwinobwino, anamupepesa, n'kunena kuti zoterezi zimachitika, alembe kuti wofunsidwayo anasamuka ndipo apeze wina.

Sanafune wina. Anakwera njinga yamoto mpaka ku Lobi, akufunsa njira. Vinsenti anamupeza kwa mlongo wake, atakhala pa mwala kuseri kwa nkhokwe. Ankagona m'khitchini, pamodzi ndi nkhuku. Ndevu zinali zitamera, jekete ikulendewera m'mapewa. Mlongo wake anayala mphasa m'nyumba, koma Vinsenti anakana.

"Tikhale panja pompano, anthu azitiona."

Alile anagwada. "Bambo, ndalakwa ine. Tiyeni tipite limodzi kwa a Petulo, ndikawauze zonse, inu mukandilola."

"Madzi akatayika saoleka, achemwali. Wosudzulidwa sabwerera. Ndipo musadzipweteke mtima, munandithandiza. Ndinayamba kugona masiku aja."

"Nanga panopa mukugona bwanji?"

"Ndili bwino."

"Kudya mukudya?"

"Ndili bwino."

Alile sanafunsenso. Foni anaisiya m'chikwama. Onse awiri anayang'ana minda ya nyemba yokololedwa kale kutsidya kwa chigwa. Chisoni chinamugwira Alile moti analakalaka akanakhala kuti sanaphunzire n'komwe.

Atadzuka kuti atsanzike, Vinsenti anamuyang'ana kumaso koyamba.

"Munapita kumudzi kuja. Tamandani munamuona?"

"Ndinamuona."

"Anavala juzi? Yofiira ija. Payekha savala, amati imamuyabwa pakhosi. Pamafunika kumunyengerera, kuyamba ndi dzanja lamanzere, kenako mutu. Ndinaiwala kuwauza."

Alile anayang'ana kumbali. Vinsenti anadikira pang'ono, akumuyang'anabe. Kenako anagwedeza mutu, n'kubisa manja ake m'khwapa.