Loko wa pa kalavani yathu ya ku Suusamyr

Chaka chimene akuba anakoka kalavani ya mnzathu woweta nkhosa, a Satybaldy, ndi thirakitala, amuna anga a Orozbek anasowa mtendere. Kwa ife oweta nkhosa ku mapiri a Suusamyr, kalavani, kanyumba ka matayala kochita kukoka, ndiyo nyumba nyengo yonse ya msipu. Kukayamba kuzizira timatsika ndi ziweto, iyo n'kutsala yokha kuphiri mpaka chipale chofewa chitasungunuka. Yathu inali yakale, yosuluka utoto, koma ikanabedwa sitikanapezanso ina.

Tsiku lotsika amuna anga anakhazika kalavani pa miyala, anagulula matayala ake onse n'kuwakweza pa lole. Apo sindinatsutse. Kenako anatulutsa loko wamkulu ngati chibakera.

"Bambo a Aidai, nanga chimenecho?" ndinafunsa.

"Ukuona ngati ndolo zako? Ndi loko."

"Kuno chitseko timangomanga ndi waya. Munthu chimphepo chikamupeza panjira, alowa kuti?"

"Akalowe kwa Satybaldy," anatero akuseka. "Iwe Burul, wakuba alibe chizindikiro pamphumi. Abwera ngati mlendo, achoka atasenza mbaula."

Ndinayankhula mpaka malovu kuuma, koma amuna anga ndi aja amamva nkhwangwa ili m'mutu. Anakhoma chitseko, mawindo n'kuwotcherera zitsulo. Zinandipweteka kwambiri, chifukwa chibadwire sindinaonepo nyumba ya kuphiri yokiyidwa.

Titabwerera msipu utaphuka, kalavani inali pomwepo. Iwo anadumpha pa lole asanazimitse n'komwe injini.

"Waona, mayi wa waya? Ndikanakumvera bwenzi lero tikugona ndi nkhosa!"

Chisangalalo sichinakhalitse. Masitepe amatabwa a pakhomo panalibe. Loko anali atatiwizika mbali imodzi, mwala womumenyera uli pansi pomwepo, koma sanathyoke.

"Akuba awa," anatero, mawu atatsika. "Alephera."

Ine ndinagwada n'kusuzumira kunsi kwa kalavani. Kumbali yochokera mphepo wina anali atasanja miyala ngati kakhoma. Pakati panali phulusa, misomali ndi zotsalira za masitepe athu.

"Bambo a Aidai, bwerani. Wakuba wake uti amawotha moto kunsi kwa nyumba?"

Anagwada nawo. Anakwawa kulowa, n'kutuluka atagwira kanthu kofiira. Kanali kagolovesi kolukidwa ndi ubweya, kakang'ono kosakwana ngakhale zala zawo zitatu. Anakatembenuza uku ndi uku, nthawi yaitali.

"Mwina anatsika bwinobwino," anatero.

"Mwina."

"Kukanachitika choipa, tikanamva. Nkhani ya mwana sibisika, eti Burul?"

Ine sindinkadziwa, ndipo mpaka lero sitidziwa. Mkwiyo umene ndinali nawo unatha, kunangotsala chisoni, cha mwanayo ndi cha amuna anga omwe.

Kiyi anavuta kulowa, koma loko anatseguka. Mkati palibe chinasowa. Mabulangete athu anali pangodya monga ndinawapindira, mulu wofika kudenga, onse ouma bwino.