Choko Chabuluu pa Malaya a Karate

Amene anachenjeza anali namwino wina wamfupi, amene ankabwera kukarate akaweruka kuchipatala. Tsiku limene Kochi ankaphunzitsa kulanda mpeni, iye anakweza dzanja.

"AKochi, anthu amene ndimawasoka ine sabwera ndi bala limodzi ayi. Amakhala ndi mabala asanu, mwina asanu ndi atatu, ndipo ambiri amati mpeniwo sanauone n'komwe. Bwanji mutiphunzitseko kuthawa?"

Holo yonse inafa nacho chiseko. Kochi anamuuza kuti azungulire holoyo kakhumi, poti kuthamanga ndi kumene akukufuna. Anazungulira, anatola chikwama chake, osabweranso.

Nkhaniyi inafika kunyumba ngati nthabwala. Anabwera nayo ndi Mphezi, dzina limene Kochi anamupatsa atangomanga lamba wobiriwira, ndipo anaifotokoza akutafuna, uku akutsanzira mawu a namwinoyo. Mlongo wake wamkulu, telala, sanaseke. Inali sabata yachiwiri chibwerere m'chipinda cha mnyamatayu, atathawa kubanja ndi kamwana kake ka zaka ziwiri. Mwamuna amene anamuthawayo ankagwira ntchito kubutchala.

Lachinayi masana foni inalira. Uthenga wa mwamuna uja unali waufupi: "Mawa m'mawa ndikubwera kudzatenga mwana wanga. Wondiletsa adzaona."

Telala anawerenga katatu. Anabwerera pamakina, nasoka mkono wa diresi chakunja, anaphwasula, anasokanso, singano n'kuthyoka. Anakaona ngati chitseko chili chokhoma. Chinali chokhoma. Anakaonanso. Njinga ikadutsa panja, khutu linali komweko. Ataimbira Mphezi kuti mwina apite kupolisi, mnyamatayo anaseka.

"Achemwali, polisi yake ndine. Alamu abwere. Miyezi khumi ndikukhetsa thukuta, mukuyesa n'zamasewera? Bwerani kuholo mudzaone nokha."

Anabereka mwana n'kupita.

Holoyo inali pamwamba pa shopu ya zitsulo. Munkanunkha mapazi. Mphasa zake za siponji zinali zomatamata ndi tepi, ndipo khoma lonse linali zithunzi za Kochi: apa wanyamula chikho, apa akuswa njerwa, apa wagwirana chanza ndi munthu wa tayi. Mwini wakeyo anaima pakati, lamba wakuda wapansi pa mimba, foni m'manja akujambula.

"Mphezi, onetsa mlendo!"

Mnzake wa Mphezi anatenga mpeni wa labala. Anaukweza m'mwamba mpaka kuseri kwa khutu, anakuwa kuti aliyense amve, anautsitsa bwinobwino, n'kuima mkono uli chitambasulire, kudikira. Mphezi anagwira, anapotokola, mnzakeyo n'kudzigwetsa yekha pamphasa, khu! Kenako Mphezi anawerama mwaulemu n'kumubwezera mpeni ndi manja awiri kuti ayambirenso. Anachita zimenezi kasanu, ndipo kasanu konse anthu anaomba m'manja.

Telala ankaona manja ena. Ankaona manja a mwamuna wake pathebulo la nyama, mmene ankayendera pafupi ndi mimba, mwachangu, osakwera m'mwamba, mwini wake ali pakati pocheza ndi kasitomala za mpira. Munthu ameneyo sankakuwa akafuna kumenya. Ankayamba watseka wailesi.

"Mayi, mtima m'malo," anatero Kochi. "Uyu ndamuumba ndekha. Amuna atatu sangamuthe."

"Pepanitu aKochi, ndingofunsa. Inuyo munayamba mwalandapo mpeni weniweni?"

Kochi anayang'ana ophunzira ake, iwo n'kuyamba kuseka asanayankhe n'komwe.

"Muno sitifunsa mafunso a mantha, mayi. Mantha amapatsirana ngati chimfine."

Anafika kunyumba dzuwa lisanalowe. Mphezi njira yonse ankamenya mphepo, akuuza kamwana kuti amalume ake ndi chilombo. Telala anagoneka mwanayo pabedi, anakankhira mpando kukhoma, n'kutola choko chake chabuluu cholembera nsalu.

"Usavule malayawo. Ichi ndi mpeni. Ndilande."

"Aaa, achemwali! Ndikuthyolani mkono, ndiye madiresi a eni ake asoka ndani?"

"Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Ndilande, iwe."

Mphezi anatambasula miyendo, anakweza manja, maso ali m'mwamba kudikira mkono woti utsike. Telala sanakweze kanthu. Anamugwira kolala ndi dzanja lamanzere, n'kulowa ndi mutu ngati akukwera basi yodzaza, dzanja lamanja likugogoda pamimba, m'nthiti, pamimba, m'nthiti. Anagunda ndowa, madzi n'kutayika. Mphezi anapeza dzanja lija mochedwa, koma atalipeza anapotokoladi, choko n'kulanda.

"Mayo, mkono wanga!"

Anamusiya msanga. Anawerama, akupuma mwawefuwefu, n'kumubwezera choko ndi manja awiri.

Telala anachiyang'ana chokocho m'dzanja lake. Anamuyang'ana mlongo wake. Kenako anamulemba mzere umodzi pakhosi, pang'onopang'ono.

"Ndiye alamu akowo udzawabwezeranso?"

Mphezi anatsitsa maso. Malaya oyera aja anali mizeremizere. Telala anawerenga ndi chala, mokweza, ngati akuwerenga mabatani. Inakwana isanu ndi inayi.

"Simunabaye bwino," anatero mnyamatayo. "Munthu sabaya chonchi. Mumayenera kukweza mkono kaye."

"Chabwino, ndimutumizire uthenga kuti mawa adzakweze mkono?"

"Komanso ndimakusungani. Mukanakhala mwamuna..."

"Ndikanakhala mwamuna, bwenzi ndikuimbira azakhali za maliro."

Mwana anadzuka n'kuyamba kulira. Telala anamunyamula n'kumayenda naye kuchokera kuchitseko kufika pawindo, kubwereranso, akuponda m'madzi otayika aja. Mphezi anakhala pabedi akupukuta khosi ndi chikhatho. Anatenga foni n'kulembera Kochi kuti mawa abwere adzangoima naye pakhomo. Yankho silinachedwe. Kochi anati mawa m'mawa ali ndi kalasi ya ana, koma mtima wake udzakhala pomwepo, ndipo Mphezi akumbukire kupuma ndi m'mimba.

Mnyamatayo anawerenga mokweza, mawu n'kumuthera asanafike kumapeto.

"Ine sindithawa," anatero. "Nyumba ino ndi yanga. Kuholo adzati chiyani?"

Telala anamudziwa kuyambira ali m'matewera. Ukamuuza kuti thawa, ndiye wamukhomera pakhomo ndi misomali. Ndipo mwamuna uja akadzapeza mwana palibe, ukali wonse udzathera pa amene waima pakhomoyo. Anatsitsa chikwama chachikulu pamwamba pa kabati n'kuyamba kuponyamo zovala, zochapa ndi zosachapa zomwe.

"Ndani wati uthawe? Khala. Ine ndikupita kwa azakhali, zapolisizo ndikayambira kumeneko. Basi yoyamba imanyamuka folo koloko."

"Folo koloko? Mumdima?"

"Eya. Mwana kumsana, chikwama pamutu, china m'manja, njira ya kuseri kwa magalaja ija. Ndiyenda ndekha, usavutike. Iwe ugone, mawa uli ndi nkhondo."

Mphezi anachiyang'ana chikwamacho. Anachinyamula kuti amve kulemera, n'kuchibwezera pansi.

"Njira imeneyo simungadutse nokha. Ndikuperekezani. Koma mpaka kudepoti basi, mwamva?"

"Mpaka kudepoti."

Telala anapitiriza kupinda timalaya ta mwana. Kudepoti adzamuuza kuti chikwama chikumukanika kukweza m'basi. Chikakwera adzati kotsikira kulibe womulandira. Bodza lachitatu analibe, koma anali ndi nthawi yolipeza.

"Konzeratu nsapato zako," anatero. "Kukamacha tisapezeke muno."