Minda ya kwawo kwa a Harwood

Ulemu ankasamalira a Harwood, nkhalamba yobadwira ku Mangalande imene inkakhala yokha kutali ndi kwawo, mumzinda wa Hamilton. Maso awo anali atafooka, choncho masana Ulemu ankawawerengera mabuku akale a boma lakwawo, momwe munalembedwa mayina a minda, eni ake ndi malire ake.

"Taima pamenepo, mwanangu," iwo ankatero. "M'munda umenewo agogo anga ankadyetsamo nkhosa. Ndikumva kuti lero padutsa msewu."

Tsiku lina anamufunsa ngati kwawonso kuli mabuku otere.

"Ayi bambo," anayankha Ulemu. "Ku Ntcheu malire timadziwira mitengo ya mango. Amene ankaidziwa bwino anali mayi anga, koma anatisiya ine ndili kuno, ndipo kumaliro sindinapite."



A Harwood atamwalira, mwana wawo anabwera kuchokera ku mzinda wakutali wa Calgary nalongedza mabuku onse m'makatoni, osatsegulako ndi limodzi lomwe. Lolemba lake Ulemu anatumizidwa kukasamalira mayi wina amene ankangofuna kuonera TV. Ulemu anakhala pampando wapakona mpaka nthawi yoweruka, kenako anakadikira basi payekha, mphepo yozizira ikumuomba kumaso.