Chipsera cha Mng'ono Wanga

Ine ndine telala, ndipo ndikakuuzani kuti chovala chimang'ambikira pamsoko wakale, musanditsutse. N'chifukwa chake tsiku limene mng'ono wanga anabwera kushopu kwanga, mimba ili patsogolo, n'kunena kuti ulendo uno akufuna kuchira yekha popanda opaleshoni, ndinasiya kupalasa makina n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Wapenga kodi? Si iwe anakung'amba pa mwana woyamba uja?"

"Kusikelo andiyeza, achemwali. Akuti chipsera chinapola bwino, papita nthawi, ndipo mwana wakhala bwino, mutu uli pansi. Akuti ndikhoza kuyesa, bola ndikachirire kuchipatala komwe kuli fiyeta, chipinda cha opaleshoni."

"Kuyesa! Ndiwe diresi iwe kuti azikuyesa?"

Sanaseke. Anatola kansalu pansi n'kumakapindapinda pabondo.

"Mpeni sindikuuopa ayi," anatero. "Pa woyamba uja anandigoneka tulo. Podzuka ndinapeza mwana atamupukuta kale, atamuveka. Apongozi anali atamunyamula, inu mutamunyamula, ngakhale mayi wa pabedi loyandikana nalo anamuona ine ndisanamuone. Kulira kwake koyamba ndinachita kuuzidwa ngati nkhani ya eni. Uyu yekha ndikufuna ndimumve ndi makutu angawa."

Ine pakamwa panga sipauma, anthu amandidziwa. Koma apa ndinangoti tsikulo likadzafika ndidzapita nawo, ndipo mzamba amene adzaseweretse mng'ono wanga adzandidziwa.

Matenda anamuyamba m'mawa wina dzuwa litatuluka kale. Mwamuna wake, alamu anga, anatsala pabenchi panja ndi zikwama, popeza m'chipinda chochirira amalola wodikirira mmodzi. Chipindacho chinali chaching'ono. Munali bedi lalitali loyalidwa pulasitiki, chitsulo chokolekapo dilipi, sinki ya mpopi wodontha, ndi zenera lagalasi losaonekera kunja. Mayi wina amene ankakolopa pakhomo anandinong'oneza kuti, "Muli ndi mwayi, lero ndi Mayi Chete." Ndinafunsa ngati limenelo ndi dzina lawo. Anangoseka n'kupitiriza kukolopa.

Analowa mzamba, mayi wamfupi, magalasi atawamangirira kachingwe m'khosi, nsapato zansalu zosamveka poyenda. Anatipatsa moni, anasamba m'manja, kenako anavundukula mimba n'kuyendetsa zala pachipsera chonse, kuchokera mbali iyi mpaka inayo. Anabaya kasingano kosiyira pamkono ngakhale dilipi sanaike. Anatenga magazi. Anaimba foni kufiyeta kuti adziwe kuti kuno kuli mayi wachipsera.

Ndinamuyandikira mzambayo. "Ndiye kuti mwaona kale kuti zivuta?"

"Ayi mayi. Ambiri amachira okha bwinobwino. Koma ine sindifuna kuyamba kufunafuna mtsempha zinthu zitathina."

Anakoka kampando n'kukhala pambali pa bedi. Ndinaganiza kuti akhala pang'ono n'kupita kwa ena, monga ndinazolowera kuona. Sanapite. Pafupipafupi ankaika kamakina pamimba, mtima wa mwana n'kumveka ngati makina anga ndikamathamangitsa oda ya mayunifomu. Dzanja lina linali pamkono wa mng'ono wanga, kumva kugunda kwa mtima wake.

Mimba itamanga n'kumasula, ine ndinayamba kumusangalatsa mwana wa mayi anga ndi nkhani ya kasitomala wina amene amanama za kukula kwa chiuno chake. Sindinafike nayo n'pakati pomwe.

"Chete, mayi."

Ine? Kunditsekera pakamwa ine? Ndinatutumuka ndithu.

"Mimba ikamanga, yankhulani mmene mungathere, kaya muimbe nyimbo," anatero mzambayo osandiyang'ana. "Ikamasula, nthawi imeneyo ndi yanga. Ululu wobereka umabwera n'kupita. Wa chipsera ukabwera suchoka. Ndiye ine ndimayang'ana pamene ululu ukuyenera kukhala utachoka."

Ndinameza mawu anga. Koma kuyambira pamenepo ndinayamba kuona ntchito ya mayi ameneyu. Mimba ikamanga ankamusisita msana mng'ono wanga, kumupumitsa, kumuseketsa kumene. Ikangomasula ankangoti zii, chikhatho pachipsera, maso akuyenda thupi lonse pang'onopang'ono. Anamudzutsa kuti ayendeyende m'chipindamo. Anamumwetsa madzi pang'ono. Adokotala atadutsa, awiriwo anayankhulana motsitsa mawu, adokotalawo n'kunena kuti ali pafupi, akafunika awaimbire.

Dzuwa litafika pamutu ndinatopa nako kudikira. "Bwanji osamuika mankhwala aja ofulumizitsa, athane nazo?"

"Chiberekero chosokedwa sitichithamangitsa mwachisawawa," anayankha. "Njira ikutseguka yokha. Tiyeni tidekhe."

Mnzawo wina anawabweretsera tiyi. Kapuyo inakhala pazenera mpaka tiyi anachita kakhungu pamwamba.

Chakumasana zinthu zinali kuyenda bwino moti mng'ono wanga anamwetulira atamva kuti njira yatsala pang'ono. Ine ndinali nditayamba kale kuganiza za mmene ndikawauzire alamu. Mimba inamanganso mwamphamvu, iye anafinya dzanja langa mpaka mphete inandilowa m'chala, kenako inamasula. Anapumira m'mwamba n'kutseka maso. Kwa ine zonse zinali monga kale.

Mayi Chete sanasunthe. Maso awo anali kumapazi kwa bedi.

"Mwana wanga, kukupweteka pati?"

"Palibe, amayi. Yamasula."

"Mimba yafewa, ndikuimva. Koma zala zakumapazi zikadali zopindika. Tsiku lonseli ululu ukachoka zimawongoka."

Ndinayang'ana. Zoonadi, zala zonse zinali zitafumbata pulasitiki ngati za nkhuku yogwira pamtengo. Mng'ono wanga anayesa kuziwongola, koma zinabwereranso.

Mzambayo anaika kamakina kaja. Mtima wa mwana unamveka, koma unkachita ngati ukuzengereza, n'kuthamanga, n'kuzengerezanso. Anagwira pamkono, milomo yawo ikuwerenga chamumtima. Kenako anavula magalasi, anasendeza kampando mpaka nkhope zawo zinayandikana.

"Ndimvere bwino. Ndikudziwa chimene ukubisira. Ukanena tsopano, tili ndi nthawi yobaya jakisoni wapamsana. Udzachita dzanzi kuyambira m'chiuno kutsika, koma udzakhala maso, udzamva zonse. Ukabisa mpaka chipsera chitatseguka, tidzathamanga, ndipo tikathamanga timagoneka munthu tulo. Mwananso pamenepo ndiye kuti tikumulimbirana ndi imfa. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, mwana wanga. Ine sindingakumvere ululu wako."

Ine ndinkafuna kukuwa, kumugwedeza, kumuuza kuti nena msanga iwe chitsiru! Koma mimba inali itamasula, ndipo nthawi imeneyo sinali yanga. Ndinaluma mlomo mpaka ndinamva kukoma kwa magazi.

Misozi inatsikira m'makutu a mng'ono wanga. Anatenga dzanja la mzambayo n'kuliika yekha kumapeto kwa chipsera, chakumanzere.

"Apa. Pakuotcha. Sipakusiya."

"Wachita bwino kwambiri."

Abale inu, mayi wofatsa uja sindinamuzindikirenso. Foni inali kukhutu, dzanja lina likulumikiza dilipi pa kasingano kaja kam'mawa. Anamutembenuzira mng'ono wanga kumanzere, anaitana anzake mayina, aliyense n'kumupatsa chochita. Sanakuwe ngakhale kamodzi, koma chipinda chonse chinkayenda ndi mawu ake. Adokotala analowa, anamvetsera, anagwedeza mutu. Ndinamva mzambayo akunena kuti, "Mtima wa mwana wabwerera m'malo. Ngati nthawi ilipo, chonde wapamsana. Mayiyu akufuna akhale maso." Adokotalawo anati aona akafika.

Bedi linatuluka likugudubuzika, mzambayo akuyenda pambali, dzanja lake lili m'dzanja la mng'ono wanga. Chitseko cha fiyeta chinatsekeka ine ndili kunja.

Ndinawapeza alamu ataimirira, chikwama cha matewera chili pachifuwa. Ndinawauza zimene zachitika, kenako ndinawakalipira popanda chifukwa, iwo n'kungoti, "Pepani, alamu." Tinakhala pabenchi yapakhonde. Ndinali ndi mantha, sindikubisirani. Ndinkaopa kuti chitseko chitseguka n'kutuluka munthu woyenda pang'onopang'ono, maso ali pansi. Ndinkaopanso china chaching'ono koma chowawa, choti mng'ono wanga adzuka madzulo n'kupeza kuti zonse zamudutsanso.

Kenako kunamveka kulira, kakang'ono, kaukali, kochokera mkati. Alamu anagwetsa chikwama. Ine ndinali kale pachitseko, manja nditawapukuta pasiketi, nditawatambasula.

Tinadikira. Kulira kuja kunaleka. Chitseko chitatseguka anatuluka Mayi Chete, kansalu kapakamwa katatsitsidwira pachibwano, thukuta lili kamukamu. M'manja munalibe kanthu.

"Mwana ali kuti?" ndinafunsa. "Mng'ono wanga ali bwanji?"

"Onse ali bwino. Chipsera chinali chitayamba kupatuka chakumanzere kuja, koma tachipeza chisanatseguke. Adokotala akusoka."

Ndinamugwira mayiyo mapewa onse awiri, ine amene ndinabwera kudzamenyana naye, ndipo ndinamuuza kuti pantchito yanga yonse sindinaonepo munthu wa diso ngati lake. Anangoseka motopa n'kunena kuti amene wagwira ntchito yaikulu ndi uja wanena zoona.

"Nanga ndi mwana wanji?" anafunsa alamu.

"Akuuzani mayi ake. Andiletsa."

"Akuletsani!" ndinatero ine. "Ndiye kuti ali maso?"

"Ali maso, ndipo akuyankhula kuposa inu. Mwana ali pachifuwa pawo, akucheza."

Ndinatambasulanso manja ngati wopusa. "Ndingomuona pang'ono chabe. Ine ndine mayi ake aakulu."

Mayi Chete anakwezanso kansalu kaja kumphuno, dzanja lili kale pachitseko.

"Khalani pabenchipo, mayi. Lero muli pamzere."