Mpando wa a Hamidu pa Lole

Lole inaima kumsewu waukulu chifukwa dalaivala anakanitsitsa kulowetsa matayala ake m'madzi a m'komboni ya Kanyama. Simungamunene munthuyo. Kuno mvula ikagwa madzi salowa pansi, pansipo ndi thanthwe. Amangoti ndundundu, n'kusakanikirana ndi za m'zimbudzi, kenako n'kulowa m'nyumba za anthu popanda odi. Choncho katundu yense anachita kusenza pamutu, akuponda pa njerwa zimene anthu anandandalika m'njira.

Rumaisa anali pambuyo, mwana wake Mwiche ali kumsana ngakhale anali wotha kuyenda yekha. Maso ake anali pa mpando umene mwamuna wake Chewe ananyamula ndi mnzake. Pampandopo panali bambo ake a Rumaisa, a Hamidu, mmisiri wa mbaula ndi ndowa amene sitiroko inawapha mbali yonse ya kumanzere. Dzanja lamoyolo linakumbatira kamkeka kawo kopemphererapo. Kaketulo kosambira asanapemphere kanali m'manja mwa Mwiche, poti mwanayo salola wina aliyense kuwathirira agogo ake madzi.

Rumaisa ankayenda mwamantha ngati wakuba, ndipo chifukwa chake chinali ichi. Chewe, amene ankasenza matumba a simenti ku mafakitale, anawina lotale. Osati tindalama togulira njinga ayi, koma ndalama zoti atamva anakhala pansi m'matope osadziwa. Iye ndi Rumaisa anakangana masabata angapo za kokakhala. Chewe ankafuna ku Ibex, kutali kumene achibale angatope asanafike. Rumaisa anakakamira ku Makeni, kufupi ndi mzikiti, ndipo anapambana. Koma a Hamidu ndalama ya njuga amaitcha haramu, ndipo sainunkha n'komwe. Anagonjapo kamodzi pamoyo wawo, pamene mwana wawo anakwatiwa ndi Chewe, Mkhristu wa ku Kasama, ndipo Rumaisa ankadziwa kuti kachiwiri kulibe. Ndiye anawanamiza. Anawauza, akuwawenga zikhadabo kuti asayang'anane nawo m'maso, kuti Chewe amukweza pantchito ndipo kampani yamupatsa nyumba.

Bodzalo linkamuwawa, koma sanalinong'oneze bondo. Mvula yathayi Mwiche anagona m'tenti ya odwala kolera, timaso titalowa m'kati, diripi ili pakamkono. Rumaisa analumbira kuti mwana wake sadzaonanso dzinja lina m'madzi amenewa.

Anawakweza a Hamidu ndi mpando womwewo, n'kuwakhazika pakati pa matiresi ndi kabati. Kunatsala kungotseka chitseko cha kumbuyo basi. Pamenepo m'pamene kunamveka nthungululu. Anali a Nsofwa ogulitsa zitumbuwa, mayi wamtima wabwino koma wapakamwa posatseka, akuthamanga chitenje atachikwinyira m'maondo.

"Bashi Mwiche! Mwatichita bwanji imwe? Kuwina loto, manje muthabila ku mayadi osatilaila?" Atamufuulira Chewe choncho, anagwira m'mbali mwa lole n'kusuzumira m'kati. "Ba Hamidu, Mulungu wakuonani! Manamba ya bapongozi banu yanagwa yonse. Komboni yonse iziba!"

Chewe anaseka kaseko kopanda mano. "Ba Nsofwa, ni vokamba chabe va bantu ivo."

A Hamidu sanamuyang'ane. Kukamwa kwawo kunapotoka ndi matenda, koma mawu anatuluka omveka bwino.

"Rumaisa. Bwera pano. Nyumba tikupitayi yagulidwa ndi chiyani?"

"Batata, lekani nikambe," anatero Chewe.

"Sindikufunsa inu, akamwini. Ndikufunsa mwana wanga."

Anthu anali atayamba kuunjikana, ena akupempha kale ya dirinki. Rumaisa anakwera palolepo n'kugwada. Akanatha kunamanso, bodza linali kale palilime. Koma maso a bambo ake anali pa iye.

"Ndi ya lotale, Baba."

"Nditsitseni."

Mvula inayamba kudontha. Dalaivala analiza hutala, akuloza mitambo imene inali itada bii cha kumadzulo. Chewe anakwera n'kumukokera mkazi wake pambali.

"Bana Mwiche, mvela," ananong'ona. "Sibangayende beka. Tiyeni chabe. Bazakalipa wiki imozi, bazajaila. Kuli bafa ya mukati kuja, kuli malaiti. Ufuna bafele mu manzi?"

Choopsa chake n'chakuti Chewe ankanena zoona. Nkhalambayo sikanatha kuchita kanthu. Mukanainyamula ngati kabati, n'kukaitula kulikonse kumene mwafuna. Rumaisa anamva Mwiche akupumira pakhosi pake, ndipo sananene kuti inde, sananenenso kuti ayi. Chewe anazitenga ngati inde. Anamenya denga la kutsogolo, lole n'kuyamba kuyenda.

A Hamidu sanakuwe. Bola akanakuwa, akanatukwana, Rumaisa akanapirira. Iwo anangotsamira mbali yakufayo mpaka anagwa pampando, phi! Chisoti chawo choyera chinagubudukira m'matope a palole. Kenako anayamba kudzikoka ndi chigongono chimodzi, mwendo ukukhukhuluzika pambuyo, kulunjika kuchitseko chimene m'chipwirikiti chija palibe anakumbuka kutseka. Lole inali ikuonjeza liwiro, ndipo kumbuyo kwake kunkabwera minibasi.

"Baba!" Rumaisa anawagwira mkanjo. Iwo anapitiriza kukoka, ndipo nsaluyo inang'ambika m'manja mwake. Dzanja lawo linafika pamphepete.

"Imikani! Imikani motoka!" Anamenya chitsulo mpaka chikhato chinachita dzanzi. Lole inaima mwadzidzidzi, kabati n'kupendekeka, minibasi ija n'kuwakhotera kondakitala akutukwana.

Chewe anagwada pafupi ndi apongozi ake, nkhope itachita thukuta ngakhale kunali mvula. Munthuyu sanali woipa. Ndi iye amene ankawasambitsa ndi kuwanyamula kupita nawo kuchimbudzi chiyambire matendawa.

"Batata, chabwino, Makeni tiileke. Nizamanga pamene apa pa Kanyama, nyumba ya pamwamba, manzi sizangena. Olo tichite lenti kwinangu."

"Ndi ndalama ziti?" anafunsa a Hamidu akupuma movutikira. "Ine ndatsala pang'ono kukaonana ndi Mwini wake. Moyo wanga wonse ndadya za nyundo yanga. Musandidetse pomaliza."

Panalibenso chokambirana. Chewe anawabereka kumsana n'kuyamba kubwerera nawo panjerwa zija, mnzake uja akutsatira ndi mpando. Rumaisa anatsala pamsewu, mvula ikumukwapula, akuyang'ana madzi obiriwira amene ankafika m'maondo mwa mwamuna wake. Anaganiza za tenti ija, fungo la mankhwala, ndi mayi wa pabedi loyandikana naye amene anatuluka ndi chitenje chopanda mwana. Pamene Chewe ankabwerera, iye anali atamasula kale mfundo ya chitenje choberekera Mwiche.

"Mutengeni," anatero.

"Iwe, uzasiya mwana?"

"Mwiche sangabwelele mu manzi yaja. Baba sibangangene mu nyumba ija. Nichite bwanji, bashi Mwiche, nizing'ambe pakati? Itanani basisi banu bamusunge. Nizayamba kubwela kumuona."

"Mpaka liti?"

Funso limenelo linali ndi yankho limodzi lokha, ndipo onse awiri anachita nalo manyazi. Mwiche anazindikira mochedwa. Lole itanyamuka m'pamene anayamba kulira, akuponda bambo ake pamimba, ndipo kulirako kunamveka mpaka pokhotera. Rumaisa anatola kaketulo kamene mwanayo anagwetsa, n'kulowa m'madzi osasamalanso za njerwa.

M'nyumba munali mbee. Munangotsala bedi lakale la a Hamidu, limene Chewe anati n'losayenera ku Makeni, litakwezedwa pa mabuloko. Madzi anali m'akakolo. Nkhalambayo inagona chagada, maso ali kudenga, nkhope ili phee ngati munthu amene watula katundu wolemera. Rumaisa anakwiya nawo kwambiri. Ankawakondanso, ndipo zimenezo zinangowonjezera mkwiyowo.

Kumzikiti kunamveka kuitana kwa pemphero la masana. A Hamidu anadzikoka n'kukhala tsonga, napinda mkono wa mkanjo wong'ambikawo ndi mano.

"Mwiche!" anaitana monga mwa masiku onse. "Bwera ndi kaketulo, mama."

Rumaisa anatunga madzi oyera m'chigubu, n'kudzaima patsogolo pawo. A Hamidu anayang'ana kaketuloko, anayang'ana kumsana kwa mwana wawo, kenako kukhomo.

"Mwana ali kuti?"

"Wapita ku Makeni, Baba. Inu simungakhale uko, iye sangakhale kuno."

A Hamidu anayang'ananso kukhomo kuja. Panja mvula inakula, madontho akugwera m'madzi a m'chipindamo kudzera m'mabowo a malata.

"Tambasulani dzanja, Baba," anatero Rumaisa. "Nthawi ya pemphero yakwana."

Dzanjalo linatambasuka pang'onopang'ono, ndipo iye anayamba kuthira.