Motoka ya Ba Eugene Itadzuka

Motoka ya ba Eugene inafa ine ndisanabwere ku Kanyama, ndipo pa zaka zisanu ndi zinayi zimene ndakhala kuno sinatsokomoleko ngakhale tsiku limodzi. Ndinene poyambirira pomwe kuti musavutike: motokayo inali kuseri kwa nyumba, njira yotulukira pa pulotipo inali imodzi yokha, ndipo panjirapo ndi pamene panali chipinda changa.

Ba Eugene Chilekwa ndi alamu anga, akulu ake a malemu mwamuna wanga Nason. Nason atamwalira ndinasowa kolowera, ndiye alamu anandiitana. Anandionetsa pamene panali geti, pakati pa nyumba yawo ndi khoma la aneba.

"Bana Miracle, mangani apa," anatero. "Motoka ikazauka tizaona vochita."

Ndinaiyang'ana motokayo. Inali pa miyala, yopanda matayala, nkhuku zikuikira pampando wa dalaivala. Mumtima ndinati, iyi ikadzadzuka ndiye kuti ndi Nason yemwe adzadzuka. Ndinamanga. Ine ntchito yanga ndi kuphwanya miyala m'mbali mwa msewu, choncho miyala ya maziko ndinaphwanya ndekha, mabuloko tinaumba awiri ndi mwana wanga Miracle asanakwatiwe. Tinasiya kampata koti munthu adutse ndi wilibala basi.

Motokayo nayo, mukanaiona. Yofiira, mphuno yaitali, zitseko ziwiri, mipando iwiri, yogwada pansi ngati bakha. Poika thumba la makala panalibe. Ba Eugene anaigula kwa mzungu wa pafamu kalekale, nthawi imene anali kalaliki wovala tayi, ndipo sankalola kuti munthu aitchule motoka. Inali sipoti. Mwana akatsamira, ankakalipiridwa ngati watsamira guwa la m'tchalitchi.

Chinaononga zinthu ndi maliro a ku Chawama. Mnzawo wakale, ba Nkole, anafika pamalirowo ndi motoka yakale ngati yomweyo, yabuluu, yopukutidwa mpaka kuoneramo nkhope. Amuna onse anachoka mu tenti kukasuzumira m'boneti, abusa n'kutsala akulalikira azimayi okhaokha. Ba Eugene anabwerako atatupa. Tsiku limenelo sanadye. M'mawa mwake anathamangitsa nkhuku, n'kuitanitsa makaniki.

Makanikiyo anali ba Sydney a ku komboni ya George, munthu wamfupi, wolankhula ngati kuti injini zonse za mu Lusaka anabereka yekha. Anamangirira tcheni panthambi ya mango, amuna anayi n'kumakoka mpaka injini inatuluka m'motokamo, yakuda bii, ikulendewera. Anaimasula n'kuyala zitsulo zake pa masaka. Mabauti anaika m'mbale za ba Edna, akazi a ba Eugene, mbale zomwe ngakhale alendo sankadyeramo. Mapisitoni anali atakanirira ndi dzimbiri. Anawanyika mu dizilo sabata yathunthu, kenako n'kuwagogoda ndi chipika.

"Iyi injini ili che bwino," ba Sydney ankatero tsiku lililonse. "Yenze chabe gone."

Kugona kwa zaka khumi ndi chimodzi. Kwathu ku Katete munthu wogona chotero timamulira.

Chitsulo chachikulu cha injiniyo chinafunika kukapalidwa m'kati ku mashini a kutauni. Chinatuluka pa wilibala, chitafunditsidwa bulangete, kudzera pakampata kanga kaja, n'kupalapasa khoma langa. Ba Eugene ankayenda pambali atagwira wilibala ngati akuperekeza wodwala kuchipatala. Pamene Nason ankadwala, ndinkamukankha pa wilibala ndekha.

Sindibisa, ndinkapemphera kuti isalire. Ena amapempherera ana, ena ntchito. Ine mayi wamkulu, wa chigwirizano cha amayi kutchalitchi, ndinkagwada pambali pa bedi n'kupempha Mulungu kuti injini ya mlamu wanga ikhale yakufa. Ndinalibe kwina. Miracle ali ku Chainda m'chipinda chimodzi ndi mwamuna ndi ana atatu. Kumudzi, munda wa bambo anga anagawana kale anthu ena.

Ndinapita kwa ba Edna akuchapa.

"Ba Edna, kodi chinthu chija chikalira, ine nkhani yanga ikhala yotani?"

Sanadzutse n'komwe mutu. "Aja ni masewera chabe ya amuna, ba Mainess. Siingalire ija."

"Nanga ikalira?"

"Mufunse beve. Ine pano n'nabwera chabe kukwatiwa."

Ndinangoti zikomo. Nyumba ya mwini saotchera mbewa.

Chitsulo chija chitabwerako, pabwalo panasanduka pamsonkhano. Madzulo aliwonse amuna a mumzere wathu ankabwera kudzathandiza ndi pakamwa. Wina wometa, wina wogulitsa mazira, wina sanagwirepo ngakhale chiwongolero cha njinga, koma onse ankadziwa bwino mmene maring'i amalowera pa pisitoni. Ba Sydney anadula gasiketi ina pa katoni, akuti yogula siikwana bwino. Anamanga mabauti ndi chipaipi, akumva kulimba kwake ndi dzanja, akuti sipanala yoyezera ndi ya ana a sukulu. Ba Eugene ankangogwedeza mutu, atavala ovolosi yatsopano yopanda dontho la oilo.

Atabwezera injini n'kuika matayala, anayesa kuiliza. Inangoti khe khe khe, n'kuphulitsa moto kutsogolo, nsidze za ba Sydney n'kupserera. Tsiku limenelo ndinakondwa zedi. Ndinawakazingira mbatata onsewo, ndi tiyi ndinawapatsa. Anati bana Miracle ndi munthu wamtima wabwino.

Inalira Lachitatu, cha m'ma leveni m'mawa. Ndinali nditabwerera kunyumba kudzatenga nyundo yaing'ono. Ndinamva chinthu chikubangula kuseri, malata a chipinda changa n'kuyamba kunjenjemera. Utsi unadzaza pulotipo. Nditazungulira, ndinapeza ba Eugene atagwira denga la motoka, misozi ikutsika. Pamanda a mng'ono wawo munthuyu sanagwetse msozi. Ndinakhala pa ndowa.

Anabwera kwa ine madzulo a tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Sanalowe m'chipinda. Anaima pakhomo, akuyeza khoma ndi maso.

"Bana Miracle, mwamvera mweka. Yauka."

"Ndamva, alamu."

"Manje ni vamene tinakamba vija."

"Alamu, amuna makumi awiri akhoza kuinyamula n'kuidutsitsa pamwamba pa khoma lakuseri. Ndi kamotoka kakang'ono. Anthuwo ndiwapeza ndine."

Anaseka. "Sipoti siinyamuliwa monga bokosi ya maliro. Izachoka yeka, ine nili pa sitiyelingi."

"Nanga aneba? Khoma lawo ndi la mzere umodzi. Tikagwetsa, ndidzamanganso ndekha."

"Nikayambane na aneba chifukwa cha rumu imozi? Muzagona mu kitchini. Pambuyo tizaona vochita."

Ndinawauza kuti chipindacho ndinamanga ndi manja awa. Anati akudziwa, koma dothi la pansi pake ndi lawo. Ndinawauza kuti Nason akanakhala moyo sakanatero. Anati Nason ankaikonda kwambiri motokayo. Zinali zoona. Amuna a mtundu umenewu mutu wawo ndi umodzi.

Loweruka m'mawa ndinatulutsa katundu. Bedi, kabati, mbaula, masutikesi awiri, zonse pakhonde la ba Edna. Anazula malata. Amuna aja othandiza ndi pakamwa tsikuli anabwera ndi manja, pakuti kugwetsa aliyense amatha. Makoma anagwa msanga. Chinakana ndi lintala, chikonkire cha pamwamba pa chitseko. Mmisiri anali atandiuza kuti zitsulo ziwiri zikwana, ine ndinaikamo zinayi. Anachimenya ndi nyundo yaikulu mpaka thukuta, chinangothetheka kumapeto, zitsulo n'kutulukira. Anachikokera pambali chathunthu.

Unali mwezi wa Febuluwale. Amene amadziwa Kanyama akudziwa kuti mwezi umenewu msewu umakhala madzi, ndipo zigumuka za nyumba sizitayidwa. Munthu akagwetsa khoma, aneba amabwera ndi mawilibala kudzapempha zokwirira maenje a pakhomo pawo. Anabweradi. Ba Eugene anawabweza onse. Patsogolo pa puloti yathu panali chithaphwi chachikulu, ndipo anati chipinda chonsecho chithiridwe mmenemo kuti sipoti idutse pouma.

Ndinaima n'kumaonerera nyumba yanga ikulowa m'madzi wilibala ndi wilibala. Ankangokhuthula mmene zagwera. Kenako amuna asanu ananyamula lintala lija n'kuliponya pakati penipeni. Madzi amatope analibisa, koma ndinaona mmene linagonera, mbali ya zitsulo ili m'mwamba.

Ndikanakhala chete. Ndinali ndi chifukwa chokwanira chokhalira chete. Koma munthu ukagwira ntchito ya miyala zaka makumi awiri, ntchito yoipa imakuwawa m'maso ngakhale ili ya mdani.

"Alamu, sathira choncho," ndinatero. "Zikuluzikulu zimayamba zaphwanyidwa, zing'onozing'ono n'kubwera pamwamba. Lintala lija lagona moipa. Ndipatseni ola limodzi ndi nyundo yanga."

Wometa uja anaseka. Ba Sydney anati matayala adzapondereza okha. Ba Eugene anandiyang'ana mwachifundo, mmene umayang'anira munthu amene chisoni chamusokoneza mutu.

"Bana Miracle, va motoka siyilani amuna."

"Sindikunena za motoka. Ndikunena za miyala."

"Nkhalani pansi, mupumule."

Ndinakhala pansi, pabedi langa, pakhonde la eni ake.

Ba Eugene analowa m'nyumba n'kutuluka atavala jekete lachikopa lomwe zipi yake sinkafikanso pamimba, ndi magalasi akuda, kumwamba kuli mitambo. Kulowa m'motokamo kunali ntchito. Anayamba ndi matako, ba Sydney n'kuwathandiza kupinda mwendo. Anailiza. Anthu anali atadzaza msewu, azimayi ndi ana kumbuyo, ena atakwera pamakoma, mafoni m'mwamba. Motoka inatuluka pang'onopang'ono kuchokera kuseri, n'kudutsa pamene panali bedi langa, pamene panali kabati, pamene panali chitseko. Anthu anaombera m'manja.

Akanadutsa pachithaphwicho mwaulemu, mwina bwenzi atangokhula pang'ono. Koma anthu anali akuonerera, ndipo wina anali atawauza kuti ba Nkole adzaona pafoni. Anaponda mafuta. Motoka inalumpha, madzi n'kumwazikira anthu, ndipo pansi pake panamveka kuti gwaa, ngati wina waponya poto pa thanthwe.

Ine ndinaona madzi akusintha mtundu. Ba Sydney nawo anaona. Chitsulo cha lintala chinali chitang'amba sampu, mphika wa oilo wa pansi pa injini, ndipo oilo ankakhuthuka m'mbuyo monse mwa motoka.

"Zimyani! Ba Chilekwa, zimyani!" ba Sydney anakuwa, akuthamanga m'matope.

Ba Eugene anaona pagalasi anthu akuthamanga, manja m'mwamba, n'kuyesa kuti ndi chikondwerero. Anatulutsa dzanja pawindo n'kuwabayibitsa. Anapondanso mafuta. Injini inayamba kugogoda, kugogodako n'kukula, kenako inangoti zii patsogolo pa kantemba ka ba Kafula, kamene timagulako machesi. Kuchokera pakhomo pathu kukafika pamenepo ndi mtunda woti mwana amatumidwa madzi ali pamoto.

Ba Sydney anatsegula boneti, anayesa kupukusa injini ndi sipanala, n'kuponda sipanalayo ndi phazi. Sinasunthe. Anapukuta manja pa ovolosi, anati yagwirana, iyenera kutulukanso. Sananene kuti yagona.

Ndinkayesa kuti ndikondwa. Ndinadikira chimwemwecho, sichinabwere. Ndinangomva mkwiyo wakuti nyumba ya munthu yagwa kuti nkhalamba yovala magalasi ikafike pogula machesi.

Amuna aja anaikankha kubwerera, ba Eugene akadali pachiwongolero chifukwa kutuluka kunali kovuta. Pachithaphwi anainyamula, amuna khumi ndi awiri okha, mosavuta n'komwe. Kuseri sikunalowekenso, mawilibala anali atapondaponda pasanduka phala. Ba Sydney anayang'ana uku ndi uku, n'kuloza pansi.

"Apa pali bwino. Pa simenti, polevo, posalala. Munthu angagone pansi pake osadetsa malaya."

Anaiimika pa simenti ya chipinda changa. Simentiyo ndinkaipaka polishi wofiira Loweruka lililonse, ndipo ngakhale ndi fumbi la zigumuka inkaonekabe kuwala m'makona. Amuna anabalalika mmodzimmodzi, aliyense akufotokoza mmene iye anaonera kale kuti zitero. Ba Eugene anakalowa m'nyumba osandiyang'ana.

Ndinatsala ndekha. Pansi pa motokapo oilo wotsala ankadontha, dontho, dontho, n'kumayenderera pa simenti. Ndinadziuza kuti si zanga. Ndinadziuza kawiri. Kenako ndinapezeka ndatenga beseni langa losambira pakhonde, ndagwada, ndalilowetsa pansi pa injini. Pamene panadetsedwa kale ndinayamba kupukuta ndi nsonga ya chitenje, ndikukhula kuti asalowerere. Ndikupukuta choncho, mvula inayamba kundigwa pamsana, ndili m'chipinda changa.