Wotsalira Wagona Chagada

Akangaude atatu a Ipyana anaswa kuchokera m'thumba limodzi la mazira, koma pofika nyengo yowokera mpunga ku Wovwe, palibe akanavomera kuti ndi apachibale. Awiri anali atakula ngati chikhatho cha mwana, miyendo yonenepa, ubweya mbuu. Wachitatu ankakwanabe pa chitsekero cha botolo.

Ipyana ankaphunzitsa sayansi pa sekondale yoyendera. Akangaudewa anawapeza pokumba dzenje la zinyalala: khasu linapha mayi wawo, thumba loyera la ulusi n'kutsala mu una. Ataswa, ambiri anakawasiya kuthengo, koma atatu anawasunga, aliyense m'chigubu chakechake chobowola pachivundikiro, pansi atathira dothi. Ankafuna kuti ana asukulu aone ndi maso awo mmene kangaude wa mu una amakulira, osangomva za m'buku.

Mwamuna wake, Reginald wa ku Ntcheu, kalaliki wa ku sikimu ya mpunga, ndiye anawatcha mayina: Kapitawo, Mlonda ndi Wotsalira.

"Mayi a Bertha, kameneka mukungokazunza," ankatero Reginald. "Anzake akugwetsa ziwala zathunthu, iko chiswe chomwe kakuchithawa. Ndipatseni, nkhuku zanga zikapumitse."

"Nkhuku zanu zidye gaga. Ameneyu akula, ndilipo ine."

Ipyana anayesa zonse zimene anawerenga. Anasunthira chigubu kukhoma la kukhitchini, poti kangaude amakula msanga pofunda. Anamusankhira tizilombo tating'ono tofewa. Ananyowetsa dothi mbali imodzi. Wotsalira sanasinthe. Kenaka anasiyiratu kudya, mimba yake n'kuda, ndipo anayala ulusi pamwamba pa dothi ngati mkeka. Masabata anapita. Ipyana ankachotsa chiswe chosadyedwa, mawa lake n'kuikamo china.

Loweruka lina m'mawa, atamanga chitenje kuti apite kokawoka mpunga, anaona Reginald akudutsa pabwalo atanyamula chigubu, nkhuku zikumulondola.

"Bambo a Bertha! Mukupita naye kuti?"

"Wafa. Wagona chagada, miyendo m'mwamba. Ndimafuna musaone."

"Imani pomwepo! Musagwedeze!"

Anathamanga osavala nsapato, nasuzumira. Wotsalira analidi gada pamkeka wake wa ulusi. Kapitawo ndi Mlonda ankafundulira mkati mwa una, Ipyana n'kungopeza zikopa pakhomo pa una, choncho zotere anali asanazionepo. Koma anakumbukira bwino zimene anawerenga.

"Kangaude wakufa amapinda miyendo kunsi kwa mimba. Wogona chagada akufundula. Tsitsani pang'onopang'ono, apo pamthunzi."

Reginald anatsitsa chigubucho pakhonde ngati wanyamula mazira. Ndipo pamene Ipyana anachotsa chivundikiro, anasuzumiranso. Pakona panali nkhululu yaikulu, yamoyo, ndevu zake zikufufuza.

"Ichi chalowa bwanji?"

Reginald anakanda kumutu. "Ndinamuponyera dzulo. Ndimati mwina chiswe akuchinyoza, akufuna ndiwo za akuluakulu."

"Inu amene mumafuna kumupereka kwa nkhuku?"

"Aaa, munthu sungamangoonerera mwana akuwonda."

Panalibe nthawi yoseka. Kangaude wofundula amafewa ngati phala, sangalume, sangathawe, ndipo nkhululu yanjala imamudya ali moyo. Kupendeketsa chigubu kukanamugubuduza. Kulowetsa dzanja kukanadumphitsa nkhululu, mwina n'kumugwera pamimba.

"Kanditengereni sefa ya tiyi. Mukabwera mugwire chigubu, manja onse awiri."

"Ine? Nanga akandilumphira?"

"Wagona chagada akulumphirani bwanji? Gwirani."

Reginald anagwira, nkhope atayang'ana kumbali, mwendo umodzi ukupirikitsa nkhuku. Ipyana anatsitsa sefa motsatira khoma la chigubu. Nkhululu inasuntha, n'kuyandikira mwendo wa Wotsalira. Ipyana anaimitsa sefa. Anazula udzu patsindwi la khitchini, nauika pakati pa ziwirizo, nayamba kukankha nkhululu pang'onopang'ono mpaka inabwerera kukona. Apo anaivundikira ndi sefa, nakwera nayo khoma, naiponya pabwalo. Tambala sanachedwe nayo.

"Aphunzitsi!" anaitana Ambokile, mnzake wolima naye moyandikana, ali kumsewu. "Mbande tazula kale, zikufota!"

Ipyana anayang'ana kumsewu, nayang'ana chigubu. Nyerere zinali zitayamba kale kuzungulira pakhonde, ndipo nkhuku sizinapite patali.

"Sindichoka pano mpaka atuluke."

Reginald anapumira m'mwamba, navula nsapato zake za kuofesi, napinda buluku. "Mundiuze chabe, mizu imaloza pansi kapena m'mwamba?" Ananyamuka kutsatira Ambokile, amene kuseka kwake kunamveka mpaka pamlatho wa ngalande.

Ipyana anaika chigubu m'beseni la madzi ochepa kuti nyerere zisakwere, nakhala pambali. Dzuwa linakwera. Miyendo ya Wotsalira inanjenjemera, n'kuleka, n'kuyambanso. Msana unatseguka. Mwendo umodzi wotuwa unasololoka m'chikopa chakale, kenaka wina. Wotsiriza unakanirira nthawi yaitali, ndipo Ipyana anakhalira manja ake kuti asayese kuthandiza. Potsiriza unatuluka.

Reginald anabwerera masana, matope mpaka m'ntchafu. Anapeza Wotsalira atatembenuka, wonyezimira, chikopa chakale chili pambali ngati kangaude wachiwiri.

"Watalikako miyendo. Koma kwa Kapitawo safikako. Akadali Wotsalira."

"Asiyeni othamangawo. Ndikuganiza kuti ndi amuna: amakhwima msanga, osakhalitsa n'kufa. Wamkazi amakula mosafulumira, koma amakhala zaka zambirimbiri."

"Ndiye kuti tikhala naye mpaka Bertha adzakwatiwe?"

"Mwina. Koma sabata ino asadye kanthu, mano ake akadali ofewa. Mwamva, bambo a Bertha? Ngakhale chifundo chikugwireni bwanji."

Ananyamula chigubu, nakachiika pashelefu ya pamwamba, pomwe dzanja la Reginald silikanafika popanda mpando.